Mlingo wa mankhwala a ziweto umatsata kulemera, osati ndalama za m'thumba

Alimi anzanga a m'mbali mwa nyanja, pali funso limene ndimalimva pafupifupi pa msonkhano uliwonse wa ziweto, kaya ndi ku Mwansambo, ku Zidyana, ku Linga kapena kumtunda kwa Dwangwa: "Alangizi, kodi mankhwala a masiku ano bwanji sakugwira ntchito?" Ofunsawo amakhala atagamula kale kuti ogulitsa akuwapatsa mankhwala achinyengo. Achinyengo alipo ndithu, sindikukana. Koma ndikakhala pansi ndi mlimi n'kumufunsa kuti anabaya mankhwala ochuluka bwanji, ng'ombe yake imalemera bwanji, ndipo anasungunula ndi madzi otani, nthawi zambiri vuto limapezeka kuti lili pa mlingo.

Ndikuuzeni za bambo wina wokhala kufupi ndi mpanda wa nkhalango ya Nkhotakota. Anali ndi ng'ombe ziwiri zokoka ngolo, ndipo ngolo imeneyo ndiyo inkalipirira ana sukulu, chifukwa nyengo yokolola ankatuta mpunga ndi chinangwa cha anzake. Ng'ombe zonse ziwiri zinayamba kuwonda chonsecho msipu unalipo, bweya unanyankhalala, misozi ikungotsika, ndipo zikakoka ngolo pang'ono zinkaima n'kumapuma mwawefuwefu. Bamboyo anaganiza bwino kuti ndi kaodzera wa ng'ombe. Anapita pamsika, nagula kapaketi kamodzi ka mankhwala achikasu aja ambiri mumawatchula kuti Berenil. Ndalama inakwana kamodzi basi. Atasungunula anabaya ng'ombe iliyonse pafupifupi 6 ml, ndipo 3 ml yotsala anabaya galu wake, poti nayenso ankaoneka wofooka.

Pasanathe masiku atatu galu anayamba kudzandira, khosi linapindika, n'kufa. Ng'ombe zinachita ngati zachira kwa masabata awiri, kenako zinabwerera mwakale, ndipo imodzi inafa mpunga uli pafupi kucha. Nditafika pakhomopo bamboyo anandilandira ndi mawu akuti, "Alangizi, anandigulitsa poizoni." Sanali poizoni. Kapaketi komweko kanachepera ng'ombe, kanachulukira galu.

Kaodzera ndi matenda athu kuno, ndipo sitingawathawe. Amafalitsidwa ndi ntchentche za kashembe zimene zimakhala m'nkhalango ndi m'zitsamba za m'mbali mwa mitsinje monga Bua. Kuchokera mu 2015 nkhalangoyi ikuyang'aniridwa ndi bungwe la African Parks, ndipo m'zaka za 2016 ndi 2017 munabwera njovu pafupifupi 500 kuchokera ku Liwonde ndi ku Majete, pamodzi ndi nyama zina. Mpanda umatchinga njovu, koma kashembe sadziwa mpanda. Boma lathu, pamodzi ndi Rumphi ndi Kasungu, ndi limodzi mwa maboma amene kaodzera amagwiranso anthu, ndipo ng'ombe ikhoza kusunga m'magazi mwake tizilombo todwalitsa munthu, iyo osaoneka kudwala kwenikweni. Choncho ng'ombe yobayidwa mwatheka si vuto la mwini khola yekha.

Tiyeni tiwerenge kapaketi kaja. Dzina lenileni la mankhwalawa ndi diminazene, ndipo amabwera ndi maina osiyanasiyana monga Berenil ndi Veriben. Kapaketi kakang'ono ka magalamu 2.36 kanapangidwira ng'ombe imodzi yolemera makilogalamu 300. Mukasungunula ndi madzi amene alembedwa pa kapaketipo mumapeza mankhwala okwana 15 ml, kutanthauza kuti 1 ml iliyonse ndi ya makilogalamu 20. Ng'ombe ya makilogalamu 200 ifunika 10 ml, ya 250 ifunika 12.5 ml. Ng'ombe za bambo uja zinali pafupifupi makilogalamu 280 iliyonse, ndiye kuti iliyonse inkafunika 14 ml. Zinalandira zosakwana theka. Pa sirinji yanu mwina palembedwa cc m'malo mwa ml. Musasokonezeke, ndi chinthu chimodzi.

Nanga theka la mlingo limachita chiyani m'thupi? Limapha tizilombo tofooka, n'chifukwa chake ng'ombe imaoneka ngati yatsitsimuka. Tolimba timatsala, n'kuswana, ndipo ana ake amakhala olimbanso. Kashembe akaluma ng'ombe imeneyo amatenga tizilombo tozolowera mankhwala n'kukatipatsira ng'ombe ya mnansi wanu amene sanalakwe kanthu. Chodetsa nkhawa n'chakuti mankhwala a kaodzera wa ng'ombe ndi ochepa kwambiri ndiponso ndi akale. Diminazene anayamba kugwiritsidwa ntchito m'zaka za m'ma 1950, mnzake isometamidium m'zaka za m'ma 1960. Amenewa akatha mphamvu m'dera lathu, m'sitolo mulibe ena atsopano amene akudikira.

Tsono kulemera kwa ng'ombe tingakudziwe bwanji poti kumudzi kulibe sikelo ya ng'ombe? Maso amanama. Ine amene ndakhala zaka zoposa 20 ndikulowa m'makola, ndikayerekeza ndi maso ndimaphonya ndi makilogalamu 40 kapena 50, makamaka pa ng'ombe yowonda yokhala ndi mafupa aakulu. Alangizi a ziweto ena ali ndi tepi yapadera imene ukaizunguliza pachifuwa cha ng'ombe imakuuziratu makilogalamu. Ngati palibe, bwerekani tepi ya telala, ndipo poti ndi yaifupi, yezani ndi chingwe chosatamuka kenako muyeze chingwecho.

Imikani ng'ombe pamalo osatsetsereka, mutu uli chilili. Zungulizani chingwe pachifuwa, kuseri kwenikweni kwa miyendo yakutsogolo ndi kumbuyo kwa linunda, chigwire thupi koma osafinya. Lembani masentimita. Kenako yezani kutalika, kuyambira pa nsonga ya phewa kutsogolo mpaka pa fupa losongoka lili m'mbali mwa tsinde la mchira. Tengani foni yanu: chulukitsani nambala ya chifuwa ndi iyo yomwe, yankholo mulichulukitse ndi kutalika, kenako mugawe ndi 10,840. Mwachitsanzo chifuwa cha masentimita 150 ndi kutalika kwa 120: 150 kuchulukitsa ndi 150 ndi 22,500, kuchulukitsa ndi 120 ndi 2,700,000, kugawa ndi 10,840 tipeza makilogalamu 249. Sizilondola ndendende ngati sikelo, koma zimayandikira kwambiri kuposa maso. Mwana wa sitandade 7 angakuwerengereni.

Mbuzi ndi nkhumba zazing'ono n'zosavuta. Ikani m'thumba loboola miyendo n'kukoleka pa sikelo yoyezera mpunga. Koma ikhale sikelo ya kalabu yanu. Za mavenda ena mukuzidziwa nokha mmene zimadyera makilogalamu.

Madzi osungunulira akhale owiritsa n'kuzizira, osati otunga panyanja kapena pachithaphwi. Singano ndi sirinji muziwiritse musanabaye ndiponso mukatha. Mankhwala osungunula kale musawasunge m'kabotolo kudenga kwa masabata kuti mudzabaye ina ikadwala. Kutentha kwa kuno kumawawononga msanga. Bayani mkati mwa mnofu, ndipo mlingo ukapitirira 10 ml gawani malo awiri. Za galu, mvereni: diminazene akangopitirira pang'ono amawononga ubongo wa galu, ndipo palibe chobweza. Abulu nawonso sagwirizana nawo. Galu wanu akadwala mupite naye kwa mlangizi wa ziweto, musamubaye zotsala za ng'ombe.

Diminazene amachiza koma sateteza. Amachoka m'thupi msanga, ndipo ng'ombe ikabwerera kukadya m'malire mwa nkhalango ikhoza kulumidwa n'kudwalanso, inu n'kumati mankhwala anali abodza. Oteteza ndi isometamidium, ufa wofiirira umene mumaudziwa ndi maina a Samorin kapena Trypamidium. Akabayidwa pa mlingo woyenera amateteza ng'ombe kwa miyezi iwiri mpaka inayi, malinga ndi kuchuluka kwa kashembe. Koma awa ndi mankhwala aukali. Akatayikira pansi pa chikopa m'malo molowa mkati mwa mnofu amasiya chotupa cholimba, nthawi zina chilonda chosapola msanga. Ng'ombe zina timazibaya pakhosi, koma yokoka ngolo kapena pulawo musaibaye pakhosi pamene goli limakhala, chifukwa mudzaigoneka mwezi wathunthu nthawi ya ntchito. Akapitirira mlingo, ng'ombe imatuluka dovu, imanjenjemera, imatsegula m'mimba, mwinanso kugwa. Ndipo musabaye Samorin ndi Berenil motsatizana masiku oyandikana pofuna kuti "zigwirane". Kuphatikiza kotero kumawononga chiwindi. Kunena zoona, Samorin ndimakonda kuti azibaya mlangizi wa ziweto, mlimi agwire chingwe. Kulipira kangachepe pa jakisoni n'kotchipa poyerekeza ndi ng'ombe.

Palinso china: si ng'ombe iliyonse yowonda imene ili ndi kaodzera. Kuno timadyetsa m'madambo, m'minda ya mpunga tikakolola, ndi m'mphepete mwa Chia. M'malo onyowa otere mumakhala nkhono zing'onozing'ono zimene zimasunga nyongolotsi za m'chiwindi, zaphanthiphanthi ngati tsamba, zija mumaziona zikutuluka m'chiwindi pa bucha. Ng'ombe ya nyongolotsi zimenezi imawondanso, nkhama zimayera, ndipo pansi pa chibwano pamatupa ngati muli madzi. Mungaibaye Berenil kasanu, sichira. Kusiyanitsa kwenikweni kumafuna kuyeza magazi kapena ndowe, koma ngakhale pongoona ndi kufunsa kumene imadya, mlangizi wa ziweto angakupulumutseni ku kugula mankhwala olakwika.

Omwetsa amene ali ponseponse m'masitolo ndi albendazole, oyera ngati mkaka. Apa msampha uli pa nambala yolembedwa pa botolo. Pali a 2.5% ndi a 10%, ndipo a 10% ndi amphamvu kanayi. Ng'ombe ya makilogalamu 250 imene tikufuna kuipha nyongolotsi za m'chiwindi ifunika 25 ml ya a 10%, koma 100 ml ya a 2.5%. Mlimi amene anazolowera botolo lina akagula linalo n'kumwetsa "monga mwa nthawi zonse", amapereka gawo limodzi mwa magawo anayi, kapena kuchulukitsa kanayi. Dziwaninso kuti albendazole amapha nyongolotsi za m'chiwindi zikuluzikulu zokha, zazing'ono zimatsala, n'chifukwa chake kumwetsa kamodzi pachaka sikukwanira kwa ng'ombe za kudambo. Khutchumulani botolo musanathire, chifukwa mphamvu imakhazikika pansi.

Chimene chimandipweteka mtima kwambiri pa albendazole ndi nkhani ya bere. Mankhwalawa sayenera kumwetsedwa ng'ombe kapena mbuzi imene yangotenga bere, makamaka m'masiku 45 oyambirira. Ikhoza kutaya bere kapena kubereka mwana wopunduka. Vuto n'lakuti m'midzi yathu atonde amayenda ndi mbuzi zazikazi chaka chonse, ndipo bere la mwezi umodzi silioneka. Mayi wina wa m'gulu lopatsirana mbuzi anamwetsa khola lonse tsiku limodzi mvula itangoyamba, ndipo ana amene ankayembekezera kupatsira mnzake sanabadwe amoyo. Pagulu panabuka mkangano, ena mpaka kumatchula za ufiti. Ngati mukukayika kuti mbuzi yakweredwa posachedwa, isiyeni kaye kapena funsani mankhwala ena.

Ena a njoka za m'mimba ndi levamisole, kawirikawiri amadzi achikasu. Awa mtunda wa pakati pa mlingo wochiza ndi mlingo wopha ndi waufupi. Ndivomere pano kuti chaka changa choyamba pa ntchito ndinamwetsa timbuzi ta miyezi inayi mlingo woyerekeza ndi maso, dzuwa likuswa mtengo, titangochokera kubusa. Pasanathe ola kamodzi kanayamba kutuluka dovu, kunjenjemera ndi kudzandira. Tinakaika pamthunzi, mwamwayi kanatsitsimuka madzulo. Mwini mbuzi sananditukwane, anangondiyang'ana, ndipo kuyang'ana kumeneko ndikukukumbukira mpaka lero. Kuyambira pamenepo sikelo sichoka m'chikwama changa. Mbuzi zimavuta chifukwa thupi lake limachotsa mankhwala ambiri a njoka msanga kuposa nkhosa, kotero mlingo wa nkhosa wolembedwa pa botolo nthawi zina umachepa kwa mbuzi. Koma musawonjeze nokha, makamaka pa levamisole. Pomwetsa musakweze mutu wa chiweto kumwamba kapena kugwira lilime, chifukwa mankhwala amalowa m'mapapo n'kuyambitsa chibayo.

Ivermectin wa 1% ndi 1 ml pa makilogalamu 50 a ng'ombe, kubaya pansi pa chikopa. Ndi wabwino pa njoka ndi mphere, koma payekha sapha nyongolotsi za m'chiwindi, ndipo si wa ng'ombe imene mukukama mkaka womwa anthu.

Tibwere pa jakisoni wotchuka uja, oxytetracycline, amene alimi ena amamuona ngati mankhwala a matenda onse. Sapha njoka, sachiza kaodzera, sachiza chitopa cha nkhuku kapena chigodola cha nkhumba. Ali ndi ntchito yake pa chibayo, zilonda ndi matenda ena obwera ndi nkhupakupa. Nayenso amabwera wa 5%, wa 10% ndi wa 20%. Wa 20% wolembedwa LA ndi 1 ml pa makilogalamu 10, ndipo amagwira ntchito m'thupi pafupifupi masiku atatu: mbuzi ya makilogalamu 30 ilandira 3 ml, ng'ombe ya 250 ilandira 25 ml yogawa malo awiri kapena atatu chifukwa amawawa ndi kutupitsa. Wa 5% ndi wa 10% amafuna kubaya tsiku lililonse kwa masiku atatu mpaka asanu. Kubaya kamodzi n'kusiya chifukwa chiweto chayamba kudya ndi nkhani yomwe ija ya theka la kapaketi. Makapisozi a anthu amene mumathira m'madzi a nkhuku chitopa chikabuka ndi kutaya ndalama. Chitopa chimapewedwa ndi katemera wa I-2, kadontho kamodzi m'diso miyezi inayi iliyonse, nkhuku zisanadwale.

Pa mankhwala opopera ng'ombe pali mfundo imene alimi a m'malire mwa nkhalango ayenera kuigwira. Amitraz amapha nkhupakupa koma kashembe samupha. Omwe amapha zonse ziwiri ndi a gulu la deltamethrin ndi cypermethrin opangidwira ziweto. Kashembe amakonda kuluma m'miyendo ndi kumimba, choncho malo amenewo anyowe bwino. Amitraz wa 12.5% kawirikawiri ndi 2 ml pa lita imodzi ya madzi, ndiye kuti 32 ml m'sipuleya ya malita 16. Yezani ndi sirinji, osati chivindikiro cha botolo, ndipo abulu musawapopere amitraz. Mankhwala a thonje kapena a mbozi za chimanga si a ziweto ngakhale dzina lifanane. Koma deltamethrin ndi cypermethrin ndi poizoni woopsa kwa nsomba. Ife timadya nyanja. Kutsuka sipuleya m'Bua, mmene mpasa zimakwera kukaswana, kapena ku Chia, ndi kuwononga ndiwo zathu zomwe. Kumbani dzenje kutali ndi madzi ndi chitsime, mutsukire m'menemo, ndipo botolo likatha muliboole kuti lisasanduke la mafuta ophikira.

Nkhani imene alimi sakonda kuimva ndaisungira kuno. Mankhwala aliwonse ali ndi masiku odikira chiweto chisanaphedwe kapena mkaka wake usanamwedwe, ndipo amalembedwa pa botolo. Pa diminazene mapaketi ambiri amalemba masiku 21 kapena kuposa pa nyama ndi masiku atatu pa mkaka; pa Samorin pafupifupi mwezi; pa oxytetracycline wa LA masabata atatu mpaka anayi, ena kupitirira. Koma chimachitika n'chiyani? Ng'ombe yabayidwa Lolemba, Lachitatu yagona, Lachinayi mwini wake waitana abucha kuti apulumutseko kangachepe, Loweruka nyama ili pa chiwaya pamsika. Ndikumvetsa, ng'ombe ndi chuma cha zaka zambiri. Koma mankhwala amakhala adakali mu nyamayo, makamaka m'chiwindi, mu impso ndi pamalo pobayidwa, ndipo chiwindi ndi chimene timapatsa ana ndi amayi oyembekezera. Maantibayotiki odyedwa pang'onopang'ono motere amazoloweretsa tizilombo ta m'thupi la munthu, ndipo mwana akadzadwala chibayo mankhwala a kuchipatala amavuta kugwira. N'chifukwa chake chaka chilichonse pa 18 mpaka 24 Novembala a zaumoyo ndi a zaulimi amayankhula ndi mawu amodzi za nkhaniyi. Choncho ganizani musanabaye: ngati ng'ombe yafika poti singadzuke, kambiranani ndi mlangizi wa ziweto kaye, aone ngati ili yochizika kapena ngati nyama yake ili yoyenera kudyedwa.

Pogula, pewani mankhwala oyalidwa padzuwa pamsika ndi othiridwa m'timabotolo topanda chizindikiro. Bungwe la Pharmacy and Medicines Regulatory Authority ndilo limapereka chilolezo kwa ogulitsa mankhwala, a ziweto omwe, ndipo muli ndi ufulu wofunsa kuti muone chiphaso. Onani tsiku lothera mphamvu, onani nambala ya peresenti, ndipo kapaketi kakhale kosatsegula. Ndalama ikakwana ng'ombe imodzi, chizani imodzi mokwanira, kuyambira yodwalitsitsa imene ingachire, inayo muisunge kutali ndi nkhalango kufikira mutapeza ina. Kapena sonkhanani pa kalabu mugule paketi yaikulu ya magalamu 23.6, imene imakwana ng'ombe khumi za makilogalamu 300, n'kuitana mlangizi tsiku limodzi.

Bambo uja wa ngolo tinayeza naye ng'ombe yotsalayo ndi chingwe cha khonje, inapezeka makilogalamu 265 chifukwa inali itawonda. Mlangizi wa ziweto wa m'deralo anaibaya mlingo wathunthu, kenako pa nthawi yake anaibaya yoteteza. Tinamugulira kope la masamba 40 limene amalembamo tsiku, dzina la ng'ombe, masentimita a chifuwa, dzina la mankhwala ndi peresenti yake, ma ml amene yalandira, ndi tsiku limene masiku odikira akutha. Panopa amakoka ngolo ndi ng'ombe yobwereka kwa mlamu wake, ndipo akagawana ndalama ya ulendo uliwonse, gawo lake amasunga kuti adzagule yachiwiri mpunga wa chaka chino ukagulitsidwa.